Vinyo Wolawa Osameza

Anthu kuno ku Mulanje akandifunsa kuti ku London ndinkagwira ntchito yanji zaka zonse zija, ndimawayankha mosabisa kuti ndinkalavula. Ena amaseka, ena amaganiza kuti chisanu cha kumeneko chinandisokoneza mutu. Alamu anga mpaka lero amauza anzawo kuti ndinali namwino, ati zoona zakezo n'zosakambika pagulu. Asiyeni. Ine ndikudziwa kuti malata ali panyumba ino, ndi sukulu imene mwana wanga Chisomo anaphunzira, zinachokera m'kandowa kachitsulo kamene ndinkalavuliramo vinyo woyera wa ku Spain. Ndipo kandowa komweko kanatsala pang'ono kundivulitsa yunifolomu ya amayi a mpingo, imene mayi anga anandiveka ndi manja awo asanatisiye.

Ndinapita kumeneko potsatira bambo a Chisomo, amene anapeza malo a sukulu ku Greenwich. Mwanayo tinamusiya kwa achemwali anga asanaguluke n'komwe dzino. Pobwerera ndinamupeza ali namwali, akuwatchula achemwaliwo kuti amayi, ine akunditchula kuti anti a ku London. Zimenezo zinandipweteka, sindinama, koma tinakonzana pang'onopang'ono. Tsiku lonyamuka kupita ku London, m'sutikesi ndinaika zitenje, nsinjiro, ndipo pamwamba penipeni bulauzi yoyera, duku loyera ndi siketi yakuda, zositasita bwino.

Tinkakhala ku Barking, kumene lendi inali yotsikirako. Chipinda chathu chinali chakuti ukafuna kutsegula sutikesi, mwamuna ayambe watuluka. Kukhomo loyandikana nafe kunkakhala Tisa, mayi wa ku Lusaka, wamtali, woseka mpaka a nyumba ina kumva. Ndiye anandiphunzitsa kukwera sitima ya District line osasochera, ndiyenso anandivundukula m'bulangeti m'mene ndinkalirira mwana wanga.

"Iwe mai, uzankala chabe so kulila?" anatero tsiku lina. "Uka. Kuli mudala wina ku Greenwich afuna muntu wosuka mbale. Ni wa ku Spain. Chizungu chake na chako vilingana."

Zinalidi zolingana. Bambo Anselmo anali mkulu wamfupi, wa nsidze zambiri, wochokera ku Galicia, dera la mvula m'mphepete mwa nyanja yamchere. Anali ndi kanyumba kodyera pafupi ndi mtsinje wa Thames, kogulitsa nsomba, nkhanu ndi zinyama zina za m'madzi zimene poyamba ndinkazitsuka nditayang'ana kumbali. Kukhoma kunali shelefu ya mabotolo, pafupifupi onse a vinyo woyera wa kwawo. Chingerezi chikatithera tonse awiri, tinkamalizira ndi manja. Iwo ankanditchula kuti Mama, ine n'kumati Bwana, ndipo aliyense ankaona kuti walemekezedwa.

Loweruka linali langa. Ndinkavala zoyera zanga, n'kuvala chijasi pamwamba, n'kukwera basi ya ku Romford, kumene amayi a ku Malawi tinkakumana mu holo ina yobwereka. Munthu ukakhala kutali, amayi amenewo ndiwo fuko lako lonse. Ukadwala ndiwo amabwera ndi phala m'fulasiki. Ukaferedwa ndiwo amayala zitenje pansi m'nyumba mwako n'kuimba nawe. Wapampando wathu anali Mayi Nambewe, amene anachoka ku Dedza ali mtsikana, kuthawa pamodzi ndi amuna awo nthawi imene ndale zinali zowawa, ndipo sanabwererenso. Amunawo anawaika ku London komweko. Ana awo Chichewa ankamva koma poyankha ankayankha m'Chingerezi, pamene iwo ankalankhula Chichewa chakale, chosasakaniza ndi liwu limodzi lomwe lachilendo. Akakuyang'ana pamwamba pa magalasi awo, unkakumbukira ndi zolakwa za chaka chatha zomwe. M'gulu lathu lonjezo linali lodziwika: wovala zoyera samwa choledzeretsa. Ine ndinalumbira zimenezo kwathu, mayi anga akundimanga duku, ndipo sindinaganizepo zoswa.

Za vinyo zinayamba mwangozi. Ine ndinakula ndikugulitsa nanazi m'mbali mwa msewu, ndipo nanazi wabwino sitimusankha ndi maso, timamununkhiza kumatako. Mphuno yanga inazolowera ntchito kuyambira ndili mwana. Tsiku lina ndikudutsa ndi mbale, Bambo Anselmo anatsegula botolo, ine n'kukwinya nkhope.

"Mama, chavuta n'chiyani?" anandifunsa.

"Palibe, Bwana. Kungoti ameneyo akununkha ngati thumba lonyowa limene lagona pansi."

Ananunkhiza, n'kununkhizanso, kenaka anaomba m'manja ngati ndawauza kuti mkazi wawo wabereka. Chinali chitsekerero cha botolo chimene chinawononga vinyoyo, ndipo iwo mphuno inali itayamba kutopa ndi ukalamba, ankanena okha. Anandilanda mbale zija, n'kundikhazika pampando, n'kuyamba kundibweretsera matambula, iyi ndi vinyo wake, iyi ndi wake. "Nunkhizani, Mama! Mukumva chiyani?" Ine ndinkangotchula za kwathu: uyu gwafa wosapsetsa, uyu udzu wongomweta kumene, uyu mtedza wokazinga. Magwafa a kwathu sankawadziwa, koma ankagwedeza mutu mpaka nsidze zija kuvina.

Kenaka anati kununkhiza kokha sikukwanira, ndiyenera kulawa. Ndinakana, n'kuwauza za lonjezo langa. Iwo anaseka n'kutulutsa kandowa kachitsulo pansi pa kauntala. Ati olawa vinyo sameza, chifukwa atameza, dzuwa lisanafike pamutu akhoza kugona pansi pa tebulo. Umaika pang'ono m'kamwa, n'kumuyendetsa uku ndi uku, n'kulavula. Ndinakawafunsa bambo a Chisomo. Iwo, maso ali pabuku, anangoti, "Kodi mankhwala otsukira m'kamwa aja simulavula? Mwaledzerapo nawo?" Ndinapempheranso, ndipo mtima sunanditsutse.

Koma kulavulako, abale! Ife tinaleredwa kuti malovu si oonetsa munthu, makamaka wamkulu. Ukafuna kulavula umapita kuseri, n'kufotsera ndi phazi. Tsiku loyamba ndinaika vinyo m'kamwa, n'kuyang'ana kandowa, n'kuyang'ana imvi za Bambo Anselmo, basi ndinathamanga masaya ali tutumu, kudutsa kukhitchini mpaka kuseri kwa mabini. Ndinalavula pa simenti n'kuyamba kupalasa ndi nsapato, pamalo popanda ndi dothi lomwe. Pobwerera ndinawapeza akupukuta misozi ndi epuloni. Anandionetsa okha mmene amachitira, kamtsinje kowongoka bwino, kogwera pakati penipeni. Patapita nthawi ndinazolowera kulavula pamaso pawo ndi pamaso pa amalonda obweretsa mabotolo, popeza onsewo ankalavula, ndipo panalibe wondidziwa kwathu.

Atandichotsa ku mbale n'kundiika kutsogolo, ndinalakwanso china. Kumeneko kasitomala akaitanitsa botolo, umamuthirira kadontho kuti ayambe walawa. Ine zinandichititsa manyazi. Mlendo, munthu wamkulu ndi tayi yake, kumuthirira kadontho ngati mankhwala a chifuwa? Ndinadzaza tambula mpaka m'milomo, n'kupereka ndi manja awiri, mawondo nditapinda. Bambo uja anaiyang'ana tambula ija ngati imuluma. Bambo Anselmo anandikokera pambali.

"Mama, mwadzaza chonchi, mphuno ikhala pati?"

"Koma Bwana, kwathu kuthirira mlendo theka n'kumutukwana."

"Kuno theka linalo si lopanda kanthu. M'menemo ndi mokhala fungo."

Ndinaphunzira choncho, kachidutswa lero, kachidutswa mawa, ndipo ndinayamba kuikonda ntchitoyo mosayembekezera. Vinyo wa kwawo kwa Bambo Anselmo dzina lake ndi Albariño. Ati mphesa zake amazikweza pamwamba ngati shushu pathandala, kuopa chinyezi. Ukamununkhiza umamva mapichesi ndi ndimu, ndipo ukamulavula amakusiyira kamchere pa lilime. Ameneyo ndi mnzake wa nsomba yootcha. Verdejo amachokera kumtunda kouma, ku Rueda, ndipo ndi uja wa gwafa wosapsetsa ndi udzu, wokhala ndi kakuwawa kokoma kumapeto, woyenera tsiku lotentha. Godello ndi wofatsa, wodzaza m'kamwa, salankhula zambiri, amayenda bwino ndi nkhuku. Palinso woyera wa ku Rioja wogonekedwa m'migolo ya matabwa mpaka kusanduka wachikasu, wa fungo la mtedza wokazinga. Ameneyo ndinkawapatsa abambo odzitama kuti iwo amamwa wofiira yekha, ndipo ambiri ankabwereranso kudzamufuna. Ndiye pali Txakoli, wowawasa ngati bwemba, amene amathiridwa botolo lili m'mwamba kuti athovoke. Ndisanamudziwe bwino ameneyo ndinasambitsa nsapato za anthu angapo.

Munthu akaima pa shelefu akukanda mutu, sindinkayamba ndi mabotolo. Ndinkamufunsa kuti akadya chiyani, ndipo akadya ndi yani. Kenaka ndinkamuonetsa chaka cholembedwa pabotolo, chifukwa ambiri amaganiza kuti vinyo aliyense amakoma akakalamba, pamene Albariño ndi Verdejo wamba amafuna kumwedwa akadali anthete. Ndinkawachenjezanso kuti asamuziziritse mpaka kuuma mano, poti kuzizira kwambiri kumabisa fungo lonse. Ndipo asamatengeke ndi botolo lovala bwino. Kunali agogo ena awiri achizungu, mwamuna ndi mkazi wake, amene ankabwera pa boti la pamtsinje Lamulungu lililonse masana. Mwamunayo ankakonda wowawasa, mkaziyo wofewa, ndipo ankakangana pa menyu ngati ana. Nditawapatsa Godello mkangano unatha, moti mayiyo anandiuza kuti ndawalanda chochita cha Lamulungu.

Lachiwiri m'mawa ndiye linali tsiku lolawa. Amalonda ankabwera ndi mabotolo, ife n'kusankha oti alowe pa shelefu. Tinkaima pafupi ndi zenera lalikulu loyang'ana kumsewu, chifukwa mtundu wa vinyo umaoneka bwino ndi kuwala kwa kunja. Zenera limenelo ndilo linandigulitsa. Amake Yamikani, mnzathu wa m'gulu la amayi, anali ndi mwana ku yunivesite ku Greenwich komweko, ndipo tsiku limenelo ankamupititsira zofunda. Anadutsa pazenera, n'kundiona ine ndi maso awo: tambula pakamwa, maso nditatsinzina, ndikukoka mpweya m'mano kuti fyoo, m'mawa dzuwa lisanakwere, pakati pa azibambo atatu. Kandowa sanakaone, poti kanali kuseri kwa kauntala, ndipo sanadikire. Sindiwada ayi. Nanenso ndikanaona zotero ndikanathamanga kukanena chimodzimodzi.

Foni inalira Lachisanu. Anali Mayi Nambewe.

"Amake Chisomo, mawa mubwere. Koma zoyera zija muyambe mwazisiya kunyumba."

Mawu anali omwewo basi. Ndinakhala pabedi. Ndinkadziwa kuti ndikavulidwa ku Romford, mbiri ikafika ku Mulanje sabata lisanathe, kuti mwana wa malemu uja anapita kunja kukasanduka chidakwa. Tisa anandipeza ndikulira n'kundimenya paphewa.

"Nanga si uwauze chabe ati umatunya? Ni nchito, si chakolwa iyayi." Kwawo kutunya ndiko kulavula, chakolwa ndiye chidakwa.

"Iwe sukuwadziwa amayi a kwathu," ndinamuyankha.

Loweruka ndinakhala kumbuyo kwenikweni, m'chitenje wamba, pakati pa mitu yoyera yokhayokha. Nyimbo zimene ndinkatsogolera anatsogolera wina, n'kuziyamba pamwamba kwambiri, koma sindinali woti n'kudandaula. Mapemphero atatha anandiitana kutsogolo. Amake Yamikani ananena zimene anaona, osawonjeza, osachotsa. Ine ndinafotokoza za ntchito yanga, za mphuno, za kandowa, kuti chiyambireni sindinamezepo. Holo yonse inachita phokoso.

"Aaa, amake Chisomo, tisamanamizane ngati ana," anatero mayi wina. "Ndani anaikapo chokoma m'kamwa n'kuchitaya?"

"Ndiye akulipirani kuti muzitaya zinthu za eni?" anafunsa wina.

Mayi Nambewe anakweza dzanja, onse n'kukhala chete. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali.

"Ine pa ukalamba wanga uno sindinamvepo ntchito yotere," anatero. "Koma dziko lino ndaonamo zambiri zimene sindinazimvepo. Munthu sitimuvula chifukwa cha zimene zaoneka pazenera. Tipita tikaone tokha."

Nditawauza Bambo Anselmo kuti kukubwera akuluakulu a kwathu kudzaona mmene ndimagwirira ntchito, anasangalala ngati kukubwera nduna. Ndinayesetsa kuwafotokozera kuti ndi mlandu, koma Chingerezi chathu chija chinatithera pakati. Lolemba, tsiku limene sitinkatsegula, anadzuka kukakazinga nsomba ndi mbatatesi, n'kuvala jekete. Tisa anasinthanitsa shifiti yake n'cholinga choti adzaonerere. "Iyi filimu siningaiphonye," anatero.

Amayi anafika chakum'mawa, atakwera sitima ya Elizabeth line kenaka ya DLR, onse m'zoyera zawo, zijasi pamwamba, Mayi Nambewe patsogolo ndi ndodo. Anthu mumsewu ankaima kuwayang'ana. Polowa, aliyense anayang'ana shelefu ya mabotolo ija n'kukokera chikwama chake pachifuwa. Bambo Anselmo anafuna kuwapsompsona masaya monga mwa kwawo, ine n'kuwagwira jekete msanga. Anawaikira mipando mozungulira, ine pakati ndi katebulo. Sindinazindikire nthawi imeneyo kuti mipandoyo yatseka njira ya kukhitchini ndi ya pakhomo pomwe.

"Yambani," anatero Mayi Nambewe. "Muchite monga mumachitira masiku onse. Ife kulibe."

Ndinasankha Albariño, chifukwa ndi amene ndinkamudziwa ngati m'bale. Nditangogwira botolo ntchito inandikumbuka yokha. Ndinathira pang'ono, n'kugwira tambula pamwendo kuti dzanja lisamutenthetse, n'kuikweza kuzenera.

"Onani mtundu, amayi. Woyera motuwira, wobiriwira pang'ono m'mbali. Ndiye kuti ndi wamng'ono, sanagone m'mgolo. Tsopano ndimuzunguza kuti adzuke."

"Amagonanso?" anafunsa mayi wina, anzake n'kumugwedeza ndi chigongono.

Ndinaika mphuno m'tambula. Ndisananene kanthu, Mayi Nambewe anatambasula dzanja.

"Kununkhiza sitinalumbire. Bweretsani kuno."

Amayi onse anayang'anana. Ndinagwada n'kuwapatsa. Anavula magalasi, n'kuika mphuno monyansidwa, ngati munthu woyesa mkaka wa dzana. Kenaka nkhope ija inamasuka. Ananunkhizanso, nthawi ino mozama, maso atatseka.

"Mapichesi," anatero pansipansi. "Kuseri kwa nyumba ya bambo anga kunali mtengo wake. Tinkatola ogwa okha mvula ikangokata." Anandibwezera tambula mofulumira ngati yawatentha. "Pitirizani. Sitinabwerere zimenezi."

Ndinaika vinyo m'kamwa. Ndinamuyendetsa kutsaya ili, kutsaya linalo, n'kukoka kampweya m'mano. Amake Yamikani analoza ndi chala. "Eya, phokoso lake ndi lomwelo!" Bambo Anselmo anandisunthira kandowa, kowala bwino, atakapukuta mwapadera chifukwa cha alendo. Ndinawerama kuti ndilavule, n'kukweza maso.

Patsogolo panga panali Mayi Nambewe, msinkhu wa mayi anga ondibala, duku loyera, manja pandodo, akundiyang'ana m'kamwa. Kumanzere amayi, kumanja amayi, onse akulu kwa ine, onse a kwathu. Milomo inakana kutseguka. Ndinayesa, Mulungu ndi mboni, koma thupi limene linaleredwa ku Mulanje linati ayi, pamaso pa awa sulavula. Ndinayang'ana njira ya kukhitchini, yatsekedwa ndi mipando. Ndinayang'ana pakhomo, chimodzimodzi, ndiponso ndikanatuluka akanati ndakamezera panja. Kumeza ndiye kunali kudzivula ndekha pamaso pa mboni zonse.

Ndinaima choncho, masaya ali tutumu. Vinyo anayamba kutentha m'kamwa, malovu kuchuluka, pakhosi pakuchita kugwedezeka pokha kufuna kumeza. Misozi inayamba kutsika.

"Mama, lavulani! Lavulani!" ankafuula Bambo Anselmo, akugogoda kandowa ndi chala.

"Tunya iwe, uzafa!" anatero Tisa, kuseka kutamuthera.

"Mwaona? Akudikira tiphethire kuti ameze," anatero mayi wina uja wokayikira.

Ine ndinangopukusa mutu, dzanja pakamwa, kuyang'ana pansi. Mayi Nambewe anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana kandowa, n'kuyang'ananso ine. Ndinaona pakona pa mlomo wawo pakugwedezeka. Anatsamira ndodo n'kuimirira pang'onopang'ono, mawondo akulira. Anagwira mpando wawo n'kuutembenuza, miyendo yake ikukhwekhwereza pansi, mpaka unayang'ana kukhoma. Anakhalanso, kundipatsa msana.

"Amayi, tembenukani nonse," anatero. "Mwana woleredwa uyu. Afera pomwepa ndi ulemu."

"Nanga tiona bwanji?" anafunsa amake Yamikani.

"Makutu munawasiya ku Romford?"

Mipando inakhwekhwereza nyumba yonse. Mmodzimmodzi anatembenuka, mpaka ndinangoona misana yoyera ndi mfundo za maduku. Tisa anatembenuka. Bambo Anselmo anayang'ana uku ndi uku, osamvetsa kanthu, koma poona kuti ndi mwambo wa alendo, anasiya kandowa patebulo, n'kukonza jekete, n'kukaima kukhoma ngati mwana wolangidwa. M'nyumba munali zii, moti ndinkamva mafuta a nsomba akuthetheka kukhitchini.

Ndinalavula. M'moyo wanga wonse wa ntchito sindinalavulepo mokweza choncho. Kandowa kopanda kanthu kanalira kuti ngwee, ndipo sizinali zochepa, popeza zinali zitachuluka m'kamwamo. Ndinapukuta pakamwa ndi m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Palibe anatembenuka msanga. Mapewa a amake Yamikani anayamba kugwedezeka, kenaka a woyandikana nawo, kenaka mzere wonse, mpaka wina analephera kupirira n'kuphulika, nyumba yonse n'kugwa ndi phwete. Amake Yamikani anadzuka, misozi ili mbwee, n'kudzandikumbatira. "Pepani, amake Chisomo, ine ndinangoona theka!" Bambo Anselmo anafunsa ali chiyang'anire kukhoma ngati tsopano n'kololedwa kubweretsa nsomba.

Mayi Nambewe okha sanaseke mokweza. Anatembenuza mpando wawo mosafulumira, n'kuvala magalasi, n'kusuzumira m'kandowa kuti atsimikize. Ine ndinagwada pafupi nawo.

"Tamva," anatero. "Loweruka mubwere mutavala. Ndipo nyimbo mudzayambitse ndinu. Sabata yatha tinatsala pang'ono kuthyoka makosi."